Ulendo wa tsiku limodzi pa boti kuchokera ku Senga Bay kupita ku chilumba: tikonzekere bwanji?

NaBanda wa ku Area 25

Moni nonse. Ndife anthu 14 ochokera ku Lilongwe, akuluakulu 11 ndi ana atatu a zaka 6, 9 ndi 12. Tikufuna kupita ku Senga Bay pa holide ya pa 6 Julayi, tikakwere boti kukaona chilumba, n'kubwerera tsiku lomwelo. Ambirife sitidziwa kusambira. Tamvapo za Namalenje, za Maleri ndi za Mbenji, koma sitikudziwa kuti choyenera gulu ngati lathuli n'chiti. Boti labwino tingalizindikire bwanji? Tinyamule chiyani? Tinyamuke nthawi yanji? Amene mumaidziwa nyanja, chonde tithandizeni.

Wa ku Gombe la Senga

Mayi NaBanda, ndiyambire pa tsiku lomwe mwasankhalo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Julayi ndi pakati penipeni pa nyengo ya mwera. Mphepo imeneyi imachokera kumwera chakum'mawa, imayamba cha mu Meyi, imafika pachimake mu Juni ndi Julayi, n'kumachepa Ogasiti akamatha. Nyanja yathu ndi yayitali kuchokera kumwera kupita kumpoto, choncho mwera umakhala ndi mtunda wautali woutsira mafunde usanafike ku Salima. Ukayamba sumalekeza pa maola ochepa, umatha kuwomba masiku awiri, atatu kapena kuposerapo, usana ndi usiku. Pakati pake pamakhala masiku abata, koma simungawasankhe muli ku Lilongwe mwezi wathunthu tsikulo lisanafike.

Ngati n'kotheka kusintha, sunthani ulendowu ufike kumapeto kwa Sepitembala, mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala. Kumatentha kwambiri, inde, koma madzi amakhala oyera ndipo masiku abata amachuluka. Ngati tsiku ndi lomwelo basi, gwirizanani musananyamuke kuti mukapeza nyanja yakwiya mukhala pagombe, boti ayi. Zimenezi muzikambirane kunyumba, chifukwa anthu akalipira minibasi mtunda wa makilomita oposa 100 amakakamira kukwera ngakhale akuona okha kuti sikuli bwino. Masiku awiri ulendo usanachitike yambani kumvetsera machenjezo a nthambi yoona zanyengo pa wailesi kapena pa tsamba lawo la Facebook. Akanena kuti pa nyanja ya Malawi pawomba mwera, nkhani yatha. M'mawa wa tsikulo yang'anani zinthu ziwiri: ngati kutali pa nyanja kukuoneka timizere toyera ta thovu pamwamba pa mafunde, komanso ngati asodzi akokera maboti awo kumtunda pa nthawi yomwe amayenera kukhala pamadzi. Chimodzi mwa ziwirizi n'chokwanira kuimitsa ulendo.

Tsopano zilumba.

Namalenje ndi chomwe chimaoneka mukaima pagombe la Senga Bay. N'chaching'ono, cha matanthwe okhaokha, ndipo miyala yake ina ndi yoyera chifukwa cha zitosi za mbalame zodya nsomba zomwe zimagona pamenepo. Kuli ng'azi zikuluzikulu, n'chifukwa chake azungu amachitcha Lizard Island. Kwa gulu lokhala ndi ana ndi anthu osadziwa kusambira, ichi ndiye choyenera, chifukwa nyengo ikasintha mumathawira kumtunda msanga. Maola awiri kapena atatu akukwanirani, si malo oti n'kutayako tsiku lonse, ndipo mthunzi ndi wochepa.

Zilumba za Maleri zilipo zitatu: Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, kumwera kwa Senga Bay. Zili m'manja mwa Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamitundumitundu tokhala m'miyala. Poti ndi paki, pali ndalama yolowera, ndipo kuwedza n'koletsedwa m'madzi a mamita 100 kuzungulira zilumbazo. Pa Nankoma pali malo ogona alendo a Blue Zebra, ndiye kumeneko simungangokocheza osapangana nawo. Ulendo wa ku Maleri ndi wautali kuposa wa ku Namalenje. Mu nyengo ya mwera, popita mumalimbana ndi mafunde kutsogolo, pobwera amakutsatani kumbuyo, ndipo ambiri amaganiza kuti kubwerako n'kosavuta. Si choncho. Funde lochokera kumbuyo limanyamula matako a boti n'kulikhotetsa chammbali, kapena kulowa pamalo pomwe pamakhala injini poti m'pamene pali potsika. Nthawi ya mvula vuto ndi lina: mtsinje wa Linthipe umathira matope ake pafupi ndi zilumbazi, madzi amada, mbuna osaoneka, ndipo mumayandama zipika zomwe zimathyola propela.

Za Mbenji akuuzani ena odziwa bwino malamulo ake, koma mwachidule si malo a pikiniki.

Nthawi: kuchoka ku Lilongwe pa msewu wa M14 mpaka Salima, kenako makilomita pafupifupi 20 kukafika ku Senga Bay, ikani maola awiri ndi theka pa minibasi yahayala. Nyamukani 5 koloko m'mawa kuti 8 koloko ikukwana muli pamadzi. Pobwera, pofika 2 koloko masana mukhale mwatsika. Mu Julayi dzuwa kuno limalowa cha m'ma 5:30, ndipo injini ikafa 4 koloko mulibe nthawi yoti wina akupezeni kukuwala.

Makaniko wa Mainjini a Maboti

Achimwene a ku Senga afotokoza bwino za mphepo. Ine ndikambe za botilo, poti maulendo ambiri amasokonekera pa zinthu zomwe zikanaoneka boti lili pamchenga.

Anthu 14, kuwonjezapo woyendetsa ndi womuthandiza, ndinu 16. Kulemera kwanu pamodzi ndi madzi akumwa, chakudya ndi petulo kukuposa tani imodzi. Boti lamatabwa la asodzi limatha kunyamula zimenezo, koma funso si lakuti liyandama kapena ayi. Funso ndi lakuti mbali mwake mutsala mpata wotani pamwamba pa madzi. Nonse mukakhala pansi, yezani ndi mkono kuchokera pa madzi kufika pa mlomo wa boti. Ukachepera utali wa kuchokera pachigongono kufika kunsonga kwa zala, tsikani ena. Ine ndingakulangizeni maboti awiri, anthu 7 lililonse, oyendera limodzi. Mtengo ukwera, koma lina likafa injini linzake limalikoka.

Musanakwere, chotsani matabwa apansi muone m'mimba mwa boti. Timadzi pang'ono m'boti lamatabwa si vuto. Muuzeni womuthandizayo akape onse, mudikire mphindi khumi, muonenso. Akabwerera msanga ndiye kuti m'mipata ya matabwa mwatseguka, ndipo pa mafunde mipatayo imakula poti boti limapindika. Funsaninso ngati botilo lili m'kaundula wa nthambi ya boma yoona za maulendo apamadzi, komanso kuti linaloledwa kunyamula anthu angati.

Mainjini ambiri pagombe pano ndi Yamaha Enduro a mphamvu (horsepower) ya 15, 25 kapena 40, osakaniza petulo ndi oyilo. Muyeso wake ndi 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, kapena theka la lita pa malita 25. Oyilo akachepa injini imatentha mpaka pisitoni kugwira. Akachuluka imafuka utsi wambiri, mapulagi amada, n'kumazima ikamayenda pang'onopang'ono, nthawi yomwe mukuyandikira miyala. Ikathamangitsidwa mpaka mapeto, ya 15 imamwa malita pafupifupi 7 pa ola, ya 40 pafupifupi 20. Boti lodzaza lolimbana ndi mafunde limatenga nthawi yotalikirapo pa mtunda womwewo, ndiye kuwerengera petulo wa tsiku labata n'kudzinamiza. Gawani patatu: gawo limodzi popita, lina pobwera, lachitatu lisakhudzidwe. Onani ndi maso anu chigubu chapaderacho, musangomva kuti chilipo. Ndipo petulo wogula m'zigubu m'mbali mwa msewu nthawi zambiri amakhala ndi madzi kapena zinyalala. Madziwo amakhala pansi pa thanki, boti likayamba kugwedezeka amalowa mu kabureta, injini n'kuzima pakati pa nyanja pomwe pagombe inalira bwinobwino.

Auzeni ailize muli pomwepo, mwendo wake uli m'madzi. Ikhale yolira pa kukoka kuwiri kapena kutatu. Kenako yang'anani kumbuyo kwake: payenera kutuluka kamtsinje ka madzi kowongoka ngati mkodzo. Amenewo ndi madzi oziziritsa injini. Akamatuluka modontha kapena osatuluka n'komwe, ndiye kuti kampira kopopa madzi katha kapena mwalowa mchenga, ndipo injini yotero siyenda nthawi yaitali isanatenthe. Ku Senga Bay vutoli n'lofala chifukwa maboti amakocheza pamchenga injini ikulira.

M'boti mukhale mapulagi awiri atsopano ndi sipanala yake, chingwe chapadera chokokera injini, pulayazi, nkhafi zosachepera ziwiri, zokapira madzi ziwiri (chigubu cha malita 5 chodulidwa chimagwira bwino ntchito, chimangiriridwe ndi kachingwe), tochi, ndi nangula. Chingwe cha nangula chitalike kasanu kuposa kuya kwa madzi pomwe muimepo. Chikafupika, funde lililonse limadzula nangula pansi. Injini ikafa pafupi ndi chilumba, choyamba ndi kuponya nangula, kukonza pambuyo, apo ayi mphepo ikukankhirani ku matanthwe mukadali otanganidwa ndi mapulagi.

Pa mtengo: mvanani pagombe ngati petulo ali momwemo, ngati boti likudikirirani ku chilumba, komanso ola lobwerera. Musalole zoti akakutuleni n'kubwerera kukatenga ena. Perekani theka ponyamuka, lotsala mukatsika.

NaBanda wa ku Area 25

Zikomo kwambiri abambo nonse awiri. Sindinkadziwa kuti Julayi ndi wovuta chonchi, ndikakambirana ndi anzanga za Okutobala. Nanga majekete oyandamitsa aja, eni maboti amakhala nawo okwanira? Ndipo ana angasambe ku chilumbako? Ena akuopa likodzo ndi ng'ona.

Anamwino a ku Kaphatenga

Achemwali, za majekete musadalire mawu a pafoni. Awerengeni pagombe, 14, aliyense yake, ndipo ivalidwe boti lisanakankhidwe, osati kuikhalira ngati khushoni. Finyani iliyonse: yabwino imabwerera msanga, yotha imakhala yophwatalala kapena yolemera ndi madzi. Onani malamba ndi zomangira zake. Vuto lalikulu lili pa ana. Jekete ya munthu wamkulu pa mwana wa zaka 6 imavuka yokha akagwera m'madzi, mwana amatsetserekera pansi jekete n'kutsala pamwamba. Kuyesa kwake n'kosavuta: m'vekeni, mangani malamba onse, mugwire pamapewa a jeketeyo n'kukokera m'mwamba. Ikafika m'makutu ndiye kuti yakula. Majekete a ana ndi osowa pagombe, choncho a ana atatuwo gulani kapena bwerekani ku Lilongwe. Yabwino ya mwana imakhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Mwana aliyense akhale ndi wamkulu mmodzi womuyang'anira, wotchulidwa dzina musanakwere. Mukangoti tonse tiziwaona, palibe amene amawaona.

Kusamba pa chilumba n'kosiyana ndi pagombe la Senga Bay pomwe mchenga umatsika pang'onopang'ono. Pa matanthwe, phazi limodzi madzi ali m'mawondo, lachiwiri simukugunda pansi. Osadziwa kusambira alowe atavala jekete, pamalo pomwe woyendetsa boti waloza, mbali yomwe kulibe mphepo. Miyala yam'madzi ili ndi ndere zoterera kwambiri, pomwe yakumtunda imawotcha mapazi masana. Valani nsapato zomanga za labala. Mapatapata amavuka ndipo ndi amene amagwetsa anthu potsika m'boti. Potsikapo atsike mmodzimmodzi, ena onse atakhala, ndipo dzanja lisagwire mlomo wa boti mbali yomwe yayang'ana thanthwe, poti funde likakankha boti zala zimaphwanyika pamenepo.

Likodzo limachokera ku tizilombo tomwe timakulira mu nkhono zam'madzi. Chiopsezo chimakula m'madzi osaya, odekha, a udzu ndi bango, pafupi ndi midzi pomwe anthu amasamba ndi kuchapa. Pa matanthwe omenyedwa ndi mafunde n'chochepa, koma nthawi zambiri anthu amalowa m'madzi pagombe pokwera ndi potsika boti, ndiye musanene kuti sitinasambe. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo mlingo wake amawerengera kulemera kwa thupi, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse. Cholakwika chomwe ambiri amachita n'kumwa tsiku lotsatira. Mankhwalawa sapha tizilombo tikadali tating'ono. Dikirani masabata 6 mpaka 8, kenako pitani kuchipatala akakuyezeni ndi kukupatsani mlingo woyenera, makamaka ana. Mukaona magazi mu mkodzo kapena kutentha thupi nthawiyo isanakwane, pitani pomwepo, ndipo mukanene kuti munali kunyanja kuti akayezenso malungo.

Ng'ona ndi mvuu zimakonda kumathiriro a mitsinje, m'mabango ndi m'madambo. Funsani asodzi a pamalopo tsiku lomwelo, ndipo musasambe m'bandakucha kapena chisisira.

Madzi akumwa: malita atatu munthu aliyense ngati mwasankha Okutobala, ndiye malita 42 pa gulu lanu, kuposa pang'ono zigubu ziwiri za malita 20. Tengani mapaketi angapo a Thanzi ORS, zipewa, ndi zitenje zopangira mthunzi. Amene amachita nseru pagalimoto amwe mankhwala ake ola limodzi asanakwere, adye pang'ono chabe, akhale pakati pa boti n'kumayang'ana kumtunda, osati pafoni. Chakudya chikhale chophikaphika chosachedwa kudya: mpunga, nkhuku yokazinga, mazira owiritsa, nthochi, mandasi. Za mayonezi zisiyeni, zimasasa msanga padzuwa. Mowa udikire mpaka mutatsika, ndipo woyendetsa boti akamanunkha mowa m'mawa funani wina.

Mphunzitsi wa kwa Makanjira

Ndiyankhe za Mbenji poti mayi anachitchula. Chilumbachi chili kumpoto kwa Senga Bay, m'dera la Senior Chief Makanjira, ndipo anthu amakwerera pa doko la Chikombe. Ndi malo a usodzi, makamaka wa utaka, ndipo n'chodziwika m'dziko muno chifukwa cha dongosolo la makolo lomwe lakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1950. Chaka chilichonse mfumu imatseka usodzi cha mu Disembala, asodzi onse amachoka, n'kudzatsegula cha mu Epulo pa mwambo waukulu. Pa chilumbapo saloleza mowa, chamba ndi njuga, ndipo mwa mwambo wake amayi safikako. Choncho kwa gulu lanu Mbenji ichotseni pa ndondomeko. Amene akufuna kuphunzira za kasamalidwe ka nsomba angachite bwino kudzera kwa mfumu ndi komiti ya pa doko, kapena kubwera ku Chikombe pa mwambo wotsegulira. Chilumbachi chili patali ndi gombe, pa nyanja yoyera yopanda pobisala.

Pa za Okutobala ndigwirizana nawo achimwene a ku Senga, koma ndiwonjezepo. Kutha kwa mwera si kutha kwa mphepo. Gombe la Salima layang'ana kum'mawa, ndiye vuma, mphepo yochokera kum'mawa, akawomba amabwera molunjika, mafunde n'kumaswekera pamchenga pomwe mukufuna kukocheza. Pakati pa nyanja boti limayenda bwinobwino, ngozi ili pa mamita 20 omaliza. Woyendetsa wodziwa amadikira funde lalikulu lidutse, amalowa kumbuyo kwake, womuthandiza amadumpha n'kugwira mutu wa boti kuti lisapingase. Apa okwera asaimirire mpaka atauzidwa. Anthu akaona mchenga amadzuka onse pamodzi n'kukhamukira mbali imodzi, ndipo boti limagudubuzika m'madzi ofika m'chiuno, ana n'kupsinjika pansi pake. Mvula ikayandikira, kuyambira mu Novembala, kumabwera mpoto ndi mabingu omwe amakonda kusonkhana masana. Mukaona mtambo wakuda ukukwera ndipo mphepo yazizira mwadzidzidzi, longedzani. Ngati wafika kale pafupi, n'kwabwino kukhala pa chilumba mbali yobisika mpaka udutse kusiyana n'kuthamangitsana nawo pamadzi. Musausokoneze ndi nkhungu, tizilombo touluka tomwe timatuluka m'nyanja ngati utsi wakuda woima chilili. Imeneyo si mvula, koma ikakupezani tsekani pakamwa ndi chitenje.

Kuchuluka kwa madzi nakonso kumasintha pokocheza. Nyanja imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, n'kutsika mpaka Novembala kapena Disembala. Mu 2024 inakwera mpaka kumiza magombe ndi nyumba zina za alendo m'mbali mwa nyanja. Mwala womwe chaka china unali poyera, chaka china uli pansi pa madzi pang'ono, wosaoneka, pamlingo woti n'kumenya propela. N'chifukwa chake mukufunika woyendetsa amene wapitako masabata omwewa, osati amene anapitako kalekale. Mufunseni kuti tikakocheza mbali iti ndi mphepo ya lero. Wodziwa amayankha mosazengereza, ndipo poyandikira amachepetsa liwiro, kukweza injini, n'kumalizira ndi nkhafi.

Wa ku Gombe la Senga

Aphunzitsi anena zoona za vuma, ndinaiwala. Chomaliza mayi, siyani munthu kumtunda. Mmodzi wa gulu lanu amene sakufuna kukwera, kapena dalaivala wa minibasi, akhale ndi mayina a onse okwera, nambala ya woyendetsa boti, dzina la chilumba ndi ola lobwerera. Mugwirizane kuti likadutsa ola limodzi musanafike ndipo foni sikulowa, apite kwa wapampando wa komiti ya pagombe ndi kupolisi, asadikire mdima. M'boti mukhale mafoni awiri odzaza moto, ina ya Airtel ina ya TNM, iliyonse m'jumbo yomanga bwino, ndipo imodzi isagwiritsidwe ntchito kujambula. Zinyalala zonse, mabotolo ndi majumbo, zibwerere nanu. Ngati ndi ku Maleri musathyole mitengo, musakoleze moto, ndipo ana asagwire mbuna n'kuika m'botolo, poti ndi mlandu. Ng'azi za ku Namalenje musaziponyere chakudya kapena kuzitsekereza pakona, zimamenya ndi mchira ndipo zimaluma. Mukasankha tsiku lenileni la mu Okutobala lembaninso pano sabata imodzi lisanafike, tidzakuuzani mmene nyanja ikuchitira masiku amenewo.